Waya Amene Alamu Anatola M'phulusa

Alamu anga a Gidiyoni Sakala anandichenjeza kalekale kuti chitsulo chotentha ndi chitsulo chozizira nkhope yake ndi imodzi. Anati ndisamagwire chitsulo chilichonse ndisanachilavulire; malovu akalira kuti tswii, dzanja libwerere kwa mwini wake. Ine ndinawayankha kuti nzeru imeneyo ndinabadwa nayo, kungoti ine ndimalavulira anthu. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Vuto lanu, alamu," anatero, "n'loti mumalavulira ndi madzi akumwa omwe."

Tinawaika m'manda masabata atatu apitawo kuno ku Chipangali, mphepo ya Juni ikudula makutu. Anali akulu awo a malemu amuna anga. Anthu anabwera ambiri, ena kuchokera ku Kasenengwa, ena m'tauni ku Chipata ndi magalimoto awo. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, chifukwa sindifuna munthu kumsana kwanga. Mkulu wa mpingo wina, mwana wa dzulodzuloli, anaimirira kunena mbiri yawo. Ananena za sukulu ya mishoni, za kwaya, za ana ndi zidzukulu. Kenaka anatsitsa mawu nati, "Tonse tikudziwa kuti bambo athuwa anapunthwapo nthawi ina, koma Ambuye ndi achifundo." Anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinazolika, monga ndakhala ndikuzolikira zaka zoposa makumi awiri.

Sanapunthwe ayi. Amene anawatchera mwendo ndine. Anapita nalo kumanda dzina la munthu wootchera mkazi wamasiye balani la fodya, ndipo ine ndekha ndi amene ndingawachotsere. N'chifukwa chake ndikulemba, ndiponso ndi dzanja langa. Mwana wanga Lute, amene amakhala ku Chipata, anati ndimuuze pa foni alembe iye. Ndinakana. Foni ili ndi makutu ambiri, komanso mwana angafewetse mawu pomvera chisoni amake.

Achinyamata amawadziwa ngati nkhalamba ya zala zopindika, yogwira kapu ndi manja awiri. Sadziwa kuti kale, nyengo youmitsa fodya ikafika, anthu ankabwera pa njinga kudzawatenga ngati dokotala. Ntchitoyi anaiphunzira pa mafamu a azungu atangosiya sukulu, tauni ija isanatchedwe Chipata. Kwa inu amene simunalowemo m'balani: ndi nyumba yaitali ya njerwa yopanda zipinda. Moto umasonkhedwa kunja, m'ng'anjo. Kuchokera m'ng'anjomo mapaipi achitsulo amayenda pansi m'kati mwa nyumba n'kukatulutsira utsi kunja. Fodya amamangidwa pa mikangala n'kupachikidwa m'mwamba, mizere mizere mpaka kudenga. Lawi saliona, utsi sumukhudza, koma pakatha sabata amatuluka wachikasu ngati papaya lakupsa.

A Gidiyoni ankati anthu amaononga fodya poganiza kuti kutentha n'kumodzi, chonsecho kuli pawiri. Koyamba ankakutcha kopatsirana. Ankakumbutsa mmene tinamangira tchalitchi: tinandanda kuchokera pa uvuni, njerwa ikuchoka m'manja mwa uyu kulowa m'manja mwa uyo, wopanda wosuntha pamalo pake, koma njerwa n'kukafika. M'chitsulo namonso ndi choncho. Ukaika msomali pamoto, msomali suyenda, koma kutentha kumakwawa mpaka kukupeza kumene wagwira. Kumeneko kumafuna kukhudzana basi.

Kwachiwiri ankakutcha konyamulidwa, ngati mayi amene wasenza mtolo n'kunyamuka nawo yekha. Mpweya ukafunda pa paipi umapepuka n'kukwera, kutentha kuli pamutu. Umadutsa pakati pa masamba, kutola chinyezi, n'kutulukira pa zibowo za kudenga, pamene wozizira ukulowera pa zibowo zapansi kudzatenga malo ake. Ankati paipi ipatsire mpweya, mpweyawo ndiwo ukaonane ndi fodya. Mpweya ankautcha nkhoswe. Fodya akakumana ndi paipi popanda nkhoswe, ankatero, ukwati wake ndi phulusa.

M'chipewa mwawo simunkasowa tinthenga ta nkhuku, tofewa tija ta kunsi kwa phiko. Ankatenga kamodzi n'kukaika pafupi ndi chibowo chapansi. Kakamezedwa, ankati balani likupuma. Kakagwa pansi, ankakwera makwerero akudandaula ngati wina wawatukwana.

Ndisawapake mafuta chifukwa choti amwalira. Anali munthu wa pakamwa. Aphunzitsi ena opuma ntchito anawaonetsa fodya wawo monyadira, iwo n'kufunsa ngati ndi fodya kapena chigwada chophikidwa dzana. Anthu awiriwo sanapatsanenso moni mpaka Khirisimasi. Malemu akazi awo ankawathamangitsa kukhitchini ndi chikuni, chifukwa akaona supuni yachitsulo yasiyidwa mumphika ankayamba ulaliki. Kuyamikira munthu sankadziwa. Ndipo fodya yense anadutsa m'manja mwawoyo, ndudu sanaiikepo pakamwa. Ankati iwo ndi woumitsa, wopsereza ndi ena.

Tsiku limene limandiwawa kuposa onse si la moto ayi. Patapita zaka balani langa litapsa, kunabwera alangizi a zaulimi pa njinga yamoto kudzaphunzitsa za mabalani atsopano. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Alangiziwo analemba pa bolodi mawu awiri, kondakishoni ndi konivekishoni, nafunsa ngati alipo wodziwa kusiyana kwake. A Gidiyoni anatsamira ndodo naimirira.

"Amapasa amenewo ndimawadziwa, kungoti ndi maina a kwathu," anatero. "Woyambayo ndi wopatsirana, ngati m'paipi. Winayo..."

Sanamalize. Bambo wina kumbuyo anakuwa: "Khalani pansi, madala, mungatiotchere ndi mangowa omwe!"

Anthu anafa nako kuseka. Alangizi, posadziwa nkhani, anasekerera nawo. A Gidiyoni anayang'ana uku ndi uku, maso awo n'kudzaima pa ine. Sanandiyang'ane mwaukali. Anangondiyang'ana ngati munthu wodikira basi pamsewu. Kenaka anakhala pansi navala chipewa. Ine ndinayamba kukonza duku langa, limene linali bwinobwino.

Nkhani yake nayi.

Amuna anga a Yosefe anamwalira mvula ili pakati, fodya ali m'munda. Anandisiyira ana anayi ndi balani limodzi. Maliro asanazizire, achibale anayamba kuyendera ng'ombe ndi maso, ena n'kumanong'ona za chokolo. Amene anatseka pakamwa onsewo ndi a Gidiyoni. Anati mkaziyu si njinga yoti mbale wake wa mwini apalase, ndipo katundu ndi wa ana. Wina akanathokoza. Ine ndinati mumtima: fisi akathamangitsa afisi anzake, mbuzi isavine.

Anadzipereka kudzandiumitsira fodya. Tsiku lopachika, balani linadzaza kutatsala mikangala khumi ndi iwiri, ya masamba abwino kwambiri. Komatu pansi, kuyambira pa mapaipi kufika pamwamba pa mutu wa munthu, panali pululu.

"Alamu, nanga malo onsewa?" ndinafunsa.

"Amenewo ndi a mpweya."

"Mpweyawo unalima nawo?"

"Sunalime, koma ndiwo uti ukugulitsireni. Yotsalayo tikaika m'balani langa mawa, muli malo."

Ehe, ndinatero mumtima, mchira wa fisi uja suwu. Fodya akalowa m'balani la munthu, ndani angaloze tsamba lake?

Atapita kukadya masana, ndinamasula waya wokhuthala amene ndinkayanikapo zovala. Ndinalowa naye m'balani n'kumumanga kukona ya kumbuyo, kumdima, kumene paipi imatulukira m'ng'anjo. Ndinapachikapo mikangala yonse ija, masamba akulendewera pang'ono chabe pamwamba pa chitsulo. Ndinkati choyandikira moto ndicho chimayamba kuuma, monga malaya. Ndinatseka chitseko n'kumata dothi m'mbali mwake monga amachitira. Atabwera ndinawauza kuti yotsala ija ndapatsa mchemwali wanga. Anayendetsa chala pa dothi lija.

"Mwamata bwino, alamu," anatero. Aka kanali koyamba kuwamva akuyamikira munthu.

Masiku asanu anayenda bwino. Lachisanu ndi chimodzi ndi limene moto umakwezedwa kuti mitsempha ya masamba iume, ndipo mapaipi amatentha koopsa. Dzuwa litapendeka pang'ono, tili chikhalire pamthunzi, a Gidiyoni anatukula mphuno.

"Muli china chakhudza paipi."

Anathamangira kung'anjo kukasolola zikuni, akukuwa kuti nditseke zibowo zapansi ndi njerwa, moto usapeze chopumira. "Koma chitseko musatsegule! Alamu, mwamva? Musatsegule!"

Ndinamva. Sindinganame kuti sindinamve. Koma mumtima mwanga munalibe fodya, munali waya. Ndinafuna kuchotsa mikangala ija iwo asanaione. Ndinakankha chitseko ndi phewa. Mphepo inalowa nane limodzi ngati yakhala ikundidikira, ndipo kamoto kamene kankanyeka kukona kanakwera nayo mpaka kudenga. Mwakuphethira kwa diso balani lonse linali lawilawi, likulira ngati galimoto. Pobwerera m'mbuyo ndinapunthwa pa paipi, inaguluka polumikizira n'kundipana mwendo pamodzi ndi chitenje.

Munthu uja amene sankagwira ngakhale khasu losiyidwa padzuwa asanalilavulire analowa, nagwira paipi ndi manja onse awiri, naitukula. Anandikokera kunja ndi zigongono, chifukwa zikhatho zinali zitatha.

Anakhala kuchipatala ku Chipata miyezi iwiri. Ine chilonda changa chinali chaching'ono, chipsera chake ndimachibisa ndi chitenje mpaka lero. Iwo ali komweko, mudzi unayamba kuphika nkhani. Katswiri ngati ameneyo angaotche bwanji balani mwangozi? Kunamveka zoti anandifuna chokolo mseri, ine n'kukana, ndiye anabwezera. Akuti manja anapsa pofuna kuphimba manyazi ataona kuti muli munthu. Amayi a kumpingo anabwera atatu kudzandizonda, atanyamula ufa ndi mafunso.

"Amake Lute, tiuzeni zoona. Paja anakufunani?"

Ndikanangoti ayi. Mawu amodzi. Koma ndinaona mmene akanandiyang'anira: mkazi wouma mutu wootcha chakudya cha ana ake ndi manja a mlamu wake. Ndinaona achibale aja akubwereranso ku ng'ombe. Ndiye ndinayankha kuti, "Ine za mumtima mwa munthu sindizidziwa."

Silinali bodza, koma linaposa bodza. Amayiwo anawanyamula mawuwo pamutu n'kuwafikitsa khomo lililonse. Potuluka m'chipatala, a Gidiyoni anapeza atawatsitsa pa ukulu wa mpingo. Pambuyo pake anawabwezera, koma njinga zija sizinabwerenso pakhomo pawo. Nyengo youmitsa ikafika ankakhala pakhonde atafulatira mabalani a anthu. Nthawi zina ankatukula mphuno n'kunena chapansipansi kuti kwa auje afulumira kukweza moto, koma panalibe wowafunsa.

Chaka chathunthu sanandilankhule. Popita kudimba ankazungulira njira ya kumanda kuti asadutse pakhomo panga. Ine ndinkati akudikira tsiku loti andiyalutse, ndipo ndinkagona nditatseka paliponse. Pamwamba pa chitseko changa pali chibowo cha mpweya chimene a Yosefe anasiya pomanga. Ndinachitseka ndi nsanza. Chisanu chitafika ndinayamba kulowetsa mbaula m'chipinda. Tsiku lina Lute anandipeza m'mawa ndikusanza, mutu ukung'ambika, miyendo ikukana. Nkhaniyo inawafika a Gidiyoni.

M'mawa mwake ndinamva ndodo pachitseko.

"Odi kuno! Kuli amoyo, kapena tiitane adzukulu?"

Ndinasuzumira pa mng'alu kaye. Anali okha, atakumbatira njerwa yakuda pachifuwa. Anaiika pansi nakhala pa mwala umene uli kumanja kwa khomo langa. Anati njerwayo ndi ya m'balani langa lomwe lija, inapsa kawiri, singasweke. Anandiuza kuti mbaula ndi ya panja. Kutentha kwake n'konyamulidwa, kumakwera kukafunditsa makoswe kudenga, ine n'kutsala pansi ndi mpweya wakupha umene ulibe fungo. Madzulo ndiziika njerwa pa makala kunja, ikatentha ndiikulunge m'chitenje chakale, ndiike kumapazi. Njerwa ilibe miyendo, anatero, imapatsa amene waikhudza yekha, ndipo nsalu ndiyo nkhoswe yake.

"Nanga ndiichotsa ndi chiyani pamoto?" ndinafunsa.

Anapisa m'thumba la jekete ndi zala zawo zopindikazo, movutikira, natulutsa chopanira cha waya wokhuthala, chokhala ndi zigwiriro za mtengo. Wayayo anali wakuda bii, koma ndinamudziwa. Mfundo imene ndinamanga ndekha inali ikadalipo kumapeto.

"Waya wanu uyu, alamu. Ndinamutola m'phulusa, kukona ya kumbuyo. Ndamuveka mtengo kuti asaotchenso wina."

Ndinamva kwa akazi awo pambuyo pake kuti anamupinda masabata awiri, ndi mano ndi mawondo, osalola munthu kuwathandiza. Anaimirira, natokosa nsanza ija pa chibowo ndi ndodo mpaka inagwa, napita.

Kuyambira pamenepo, chisanu chilichonse, m'mawa uliwonse, ndodo inkagogoda. Ine madzulo ndinkabwezera nsanza, iwo m'mawa ankaigwetsa.

"Wakuba wake ndani angalowe apa, alamu? Buluzi?"

"Buluzi amatumidwa," ndinkayankha.

"Ndiye akalowa mumuuze andipezeko, ndili ndi mbewa zondivuta."

Ndinkawapatsa tiyi m'kapu ya dothi, chifukwa yachitsulo ankaikana. Ankamwa atakhala pa mwala womwewo, akunyoza shuga wanga kuti ndimawerenga timibulu. M'nyumba sanalowepo, kuopa pakamwa pa anthu. Anthuwo ankaonabe n'kumati nkhalamba ikulipira tchimo lake.

Chaka chatha, ataonda kale, mawu akutuluka ngati m'botolo, ndinalimba mtima.

"Alamu, bwanji simunanene?"

Anaika kapu pansi.

"Chaka choyamba ndinakhala chete chifukwa cha ana anu. Akanakulandani zonse."

"Nanga zaka zinazi? Ana anakula."

"Zinazi ndimadikira inu."

Ndinati ndidzanena, ndikungofuna tsiku labwino.

"Ndikudziwa," anatero. "Inu ndinu mpini, alamu, osati khasu. Kutentha kumafika ndithu, koma kumachedwa."

Ndinaseka nawo. Ndinkayesa kuti kudakali chisanu china.

Ndiye kwafika, alamu, inu mutapita. Mlandu suola. Ndikunena pamaso pa a Sakala onse, pamaso pa mpingo, ndi pamaso pa bambo uja wa pansi pa mango ngati akadali moyo: a Gidiyoni sanandifunepo chokolo, ngakhale ndi diso. Sanaotche balani langa. Ndinapachika fodya pa paipi ndine, ndinatsegula chitseko ndine, ndipo manja awo anapsa potola ine. Pepalali liwerengedwe lonse lathunthu m'tchalitchi Lamulungu, osadumpha mzere. Ndili ndi lina lofanana nalo pansi pa matiresi, ndidzakhala ndikutsatira.

Balani lija likadalipo kuseri kwa nyumba, khoma limodzi ndi theka, m'kati mwamera mpoza. Ng'anjo yake nkhuku zimaikiramo. Chipewa chawo ana anachipachika pa msomali pakhonde pawo. Ndinapita kukachiona, tinthenga tiwiri tikadalimo, ndipo mphepo ikaomba timagwedera ngati tikufuna balani loti tiyese. Koma malo amene sinditha kuwayang'ana ndi mwala wa pakhomo panga. Pakati pake ndi posalala, anapasalaza ndi thalauza. Kale akanyamuka ndinkati ndikaikapo dzanja pochotsa kapu, ndinkapeza pakadali pofunda. Dzulo ndinaikapo dzanja. Pozizira ngati khasu la m'mawa.

Nsanza ija ili pa chibowo kuyambira tsiku limene anabwera komaliza. Ndinaibwezera madzulo ake monga mwa masiku onse, ndipo palibe waigwetsa. Ndodo yawo ndinaipempha kwa ana, yatsamira pakhoma pafupi ndi mwala, koma dzanja langa likaigwira limakana. Njerwa ndimaitenthetsabe, ngakhale masiku ano imazizira msanga, kapena ndine. Ndisabise: kawiri konse sabata ino ndanyamula mbaula mpaka pakhomo, ndaima nayo, n'kuibwezanso.

Ndikudziwa kuti mukamva zimenezi ambiri simudzafuna kundiona, ndipo sindikudandaulani. Koma wina mwa inu, popita kumjigo m'mawa, apatukeko. Nyumba yake ndi ya chitseko chobiriwira, kuseri kuli khoma lakupsa. Agogode ndi mphamvu. Ndidzafunsa katatu kuti ndani, mwina sindidzatsegula, mwina ndidzamuyesa kazitape. Asakhumudwe, ndi mmene ndiliri. Angomva kuti ndayankha. Kenaka ayang'ane pamwamba pa chitseko. Akaona nsanza, ndodo ili pomwepo.